Manachesi Awiri

Kwathu ku Chaozhou, chaka chikamabadwa,
sulowa m'nyumba ya mnzako chimanjamanja.
Umanyamula manachesi awiri
masamba ake akadali pa phesi,
pakuti dzina lake m'kamwa mwathu
limamveka ngati mwayi waukulu.
Mwininyumba amawalandira ndi manja awiri
n'kukupatsa ena awiri a m'mbale mwake.
Palibe wapindula, palibe waluza,
koma nonse mumalekana mukumwetulira ngati olemera.

Usiku wotsiriza wa chaka ndinasamba madzi a masamba a manyumwa
kuti tsoka lakale litsikire m'ngalande.
Pa guwa la makolo ndinaika maapozi opempha mtendere,
ndi khangaza lodzaza njere,
limene amayi ankagulabe chaka ndi chaka
ngakhale atatopa kundifunsa za zidzukulu.

Chimodzi mwa zipatso zanga chinali ndi bala.
Chikhadabo chinaterereka pochichotsa m'dengu,
n'kusiya kachipsera ngati mwezi wongooneka kumene.
Ndinachitembenuza kuti manyazi ayang'ane pansi,
ndinakachisiya kwa a Weng, ometa tsitsi.

Mkulu wanga Hanqiu amakhala tsidya la mlatho.
Zaka zisanu ndi ziwiri osapatsana moni.
Nkhani yake ndi sitolo ya bambo, makiyi ake,
ndi mawu amene ndinalavula maliro asanathe.
Azakhali amati zinayamba tili ana,
tsiku limene tinadula peyala limodzi pakati,
chipatso chimene dzina lake limamveka ngati kulekana.
Ine ndimangoseka.
Mpeni ndikuudziwa, ndimagona nawo m'kamwa.

Patapita masiku anayi, mapepala ofiira a makombola
atanyowa kale pakhomo, wina anagogoda.
Anali Peishan, mwana wake,
amene ndinamusiya akulephera kumanga nsapato,
lero akuwerama polowa pachitseko changa.
Sanatchule bambo ake. Anandifunira chaka chabwino,
natambasula manja.

Masamba anali atauma, khungu litayamba kufota,
koma kamwezi kaja kanali pomwepo, katada pang'ono,
kakuyang'ana kumwamba.

Chinadutsa m'nyumba zingati chipatsochi?
Kwa ometa tsitsi, mwina kwa telala,
kwa mayi wogulitsa nsomba amene salankhula ndi telala,
mpaka kuwoloka mlatho umene ine sindiwoloka.
Kaya mkulu wanga anachisankha,
kaya chinangokhala pamwamba pa mbale,
sindinafunse.

Ndinatereka tiyi. Tinakamba za sukulu, za kuzizira.
Atanyamuka ndinapita ku mbale yanga
n'kuima pamenepo nthawi yaitali,
ngati munthu wosadziwa kuwerenga mpaka ziwiri.
Ndinasankha osalala, olemera m'manja, opanda banga.
Kenako, mwana atatembenuka kufuna jekete,
ndinakanikiza chikhadabo pa khungu la chimodzi,
fungo lake n'kundilowa m'maso.