Kabokosi ka Pansi pa Tsamba

Mu Januwale kuno ku Gdańsk
dzuwa limaweruka ife tisanaweruke.
Ndatsala ndekha mu ofesi, ine ndi fomu,
ndi cholembera cha kambalame kobiriwira.

Kambalame kameneka kali paliponse:
pa kapu yanga ya tiyi, pa chitseko cha chikepe,
pa makina otenthetsera chipinda,
pakona pa pepala la malipiro anga.
Sikalira. Sikajompha munthu.
Kamangotera.

Fomu ikufunsa: Kodi pali phindu limene mumapeza
kwa opanga chinthu chimene mukufufuzachi?
Inde. Ayi. Chongani chimodzi.
Kabokosi kake n'kochepa kuposa chikhadabo.

Chinthucho ndi khushoni
yoika pa njinga ya olumala kuti khungu lisabooke.
Tinapatsa anthu makumi anayi.
Onse anakhala bwino, kapena sanadandaule,
kupatula mayi Wiesława Kurek.

Zaka makumi awiri ankayendetsa kireni padoko,
kunyamula zitsulo zomangira sitima
m'mwamba momwe mphepo siopa munthu.
Tsiku lina makwerero anawataya, msana n'kuthyoka.
Pa mndandanda wanga iwo ndi 17.

Anabwera Lachitatu, matayala ali chipale chokhachokha,
nati, "Kinga, tseka chitseko, undionere."
Samva kanthu kuyambira m'chiuno kutsika,
choncho maso anga ndiwo anawauza za thupi lawo:
chilonda chonga ndalama ya mazloti asanu,
chakuya, chotuwa m'mphepete.
"N'chachikulu?"
Ndinati, "Pang'ono."
Anaseka. "Iwenso waphunzira chinenero chawo."

Pulofesa Zdzisław si munthu woipa, ndithu.
Amakumbukira mayina a ana athu.
Denga litadontha, boma linatumiza kalata yopepesa,
kambalame kanatumiza amisiri.
Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, navula magalasi.
"Mwina sankadzinyamula pafupipafupi.
Mwina amasuta. Lemba kuti sanatsate malangizo."
Sananene kuti bisa. Palibe amene amanena kuti bisa.
Amangoti sesa bwino manambalawo,
basi 17 n'kutsetsereka, n'kukagwera m'mawu a m'munsi,
m'tizilembo tonga nyerere.

Amati mbuzi imadya pomwe aimangirira.
Chingwe changa ine ndi lendi,
ndi mankhwala a shuga a bambo anga,
ndi ulendo wa ku Lisbon mu Meyi,
hotela ya mapilo anayi,
komwe ndikaime pamaso pa anthu n'kunena kuti
zotsatira zake n'zolimbikitsa.
Envelopu sindinalandirepo.
Ndinangolandira kutentha m'nyengo yozizira,
ndipo pakamwa pofunda sipafulumira kutseguka.

Ndiye ndichonge pati?
Ayi ndi bodza lovala jekete.
Inde ndi zoona, koma zoona zotchipa:
ukachonga wasamba m'manja,
owerenga agwedeza mutu, apitirira,
chilonda chili pompo, chikunyeka.

Kunja thiramu ikukukuta njanji.
Makireni a padoko aima makosi ali m'mwamba
ngati akudikira wina amene sabweranso.
Ku Nowy Port, m'chipinda cha pansi,
mayi Wiesława agona chafufumimba, sabata yachitatu,
nyuzipepala ataiyala pa simenti,
akuwerenga mutu uli cholendewera.

Ndachonga Inde.
Kenako ndatsegula mndandanda,
ndakoka 17 kuwabwezera pamalo pawo,
pakati pa 16 ndi 18.
Peresenti yokongola ija yatsimphina pang'ono.
Mawa m'mawa pulofesa adzaona,
adzavulanso magalasi.
Kaya Meyi adzandipeza muno, kaya.

Cholembera ndachisiya pa tebulo.
Kapu ndatenga, ndaika m'chikwama.
Ndi kapu yabwino,
tiyi sazizira msanga.