Mphambano ya Chinamwali

Adokotala sanapsatire mawu:
mtima wako ukuthamanga ngati minibasi ya ku Liwonde,
ukapitiriza, tidzakumana uli pabedi.
Ndinaseka. Usiku sindinagone.

Loweruka, pamphambano ya Chinamwali,
anzanga akundikodola pabala ya Namakhwa,
mowa utazizira kale, dzina langa lili m'kope la ngongole.
Ndinaima. Palibe anandikoka dzanja.
Miyendo ndi yanga, ndinaiuza kolowera.

Kumtunda kwa Mulunguzi
anandipatsa khasu ndi mbande za mbawa makumi awiri.
Malipiro palibe, anatero Abiti Likaka,
koma madzi akumwa alipo.
Dzenje lachitatu, msana unalira.
Lachisanu ndi chiwiri, thukuta linatsuka mowa wa chaka chatha.

Papita miyezi khumi.
Lamba ndamuboola bowo lina.
Tulo timabwera tokha, osatiitana.
Namwino akapopa kansalu pamkono wanga
amayang'ana kawiri, n'kumwetulira.

Mbande zinayi zinapsa ndi dzuwa la Okutobala.
Zotsalazo zandifika m'chiuno.
Mumthunzi wake mwina sindidzakhalamo,
koma phirili ndikulikwera
osaima kuti ndipume.