Womata Machubu pa Luchenza

Ndadzuka tambala asanalire kachiwiri,
chiperoni atagona pakhomo ngati mlendo wosatsanzika,
ndapeza mpweya uli tho m'chifuwa.
Anapopa ndani usiku wonse
ine ndili gada, ndikuliza mkonono?

Ntchito yanga ndi ya pansi pa mtengo wa mango,
kufupi ndi njanji,
pomwe maminibasi a ku Mulanje amalavula anthu ndi nanazi.
Chuma changa nachi: pampu yotsokomola,
masipanala awiri, guluu m'kachitini ka polishi,
ndi beseni la madzi akuda.

M'beseni limeneli ndimo ndinakudziwirani.
Wobwera ndi njinga sadziwa pomwe pabooka,
amangoti, "Laphwa."
Ine ndimamiza chubu pang'onopang'ono,
kuchizunguliza m'manja,
mpaka timathovu titaulula pomwe munga unalowa.
Sindichikalipira. Sindichitaya kudzala.
Ndimapala pabalapo, ndimapaka, ndimadikira,
kenako chigamba.

Ambuye, ine zigamba ndili nazo zingati?
Chaka chija madzi anatsika m'phiri usiku
n'kunyamula nyumba ya mlongo wanga ndi mbuzi zomwe,
munandimata ndi lichero la nandolo
la mayi Nakhumwa a Mvano,
amene ngakhale moni sitinkapatsana.
Esinala atagona miyezi itatu m'chipatala ku Thyolo,
munandimata ndi kondakitala wamano awiri
amene anabweza dzanja langa nati,
"Mukagulire odwala nthochi."
Bingu sindinalimve, mngelo sindinamuone.
Ndinangoona kuti ndikuyendabe.

Tsono ndikubwezereni chiyani?
Kwaya inandibweza mwaulemu,
mawu anga ndi tcheni chosadzola mafuta.
Chopereka changa Lamulungu chimalira m'mbale, ngwee,
ana n'kutembenuka.

Lero dzuwa lili paliwombo wabwera Mulekano wa kabaza,
akukankha njinga, malaya atamatirira kumsana.
Pambuyo pake mayi woyembekezera,
dzanja limodzi m'chiuno, lina pa kathumba ka zitenje,
milomo atailuma.
Mulekano m'thumba mulibe kanthu, ndikumudziwa.
M'kope langa muli masipoko asanu ndi limodzi
a mwezi wokolola chimanga, mpaka lero zii.
Mtima unati: ayambe wabweza.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene,
ndipo ndinamva ukutuluka mpweya uja wam'mawa,
umene sindinalipire.
Ndinatseka pakamwa.
Ndinamiza, ndinapala, ndinamata.
Pampu inatsokomola kokwana makumi anayi,
mayi uja anakwera, fumbi linawameza cha kumlatho.

Zikomo sananene.
Ndisaname, zinandiwawa.
Ndinakhala pa chitsa ndikung'ung'udza,
mpaka ndinayamba kuwerenga masiku
amene ine ndadumphira pa chishalo cha tsiku latsopano
osacheuka n'komwe kuona amene wandipopera.
Zala za m'manja zinatha, ndinasiya.

Madzulo chifunga chachoka, phiri laoneka lonse
ngati silinabisalepo.
Othyola tiyi akutsika, misana itawerama ngakhale madengu atula.
Mmodzi wandipempha pampu, ndamupatsa,
ndamugwirira ndi njinga yomwe.
Madzi a m'beseni ndathirira kambande ka papaya
kamene kanamera kokha pafupi ndi chitsa.
Sindinabzale ine.

Kope lija ndalitsegula.
Sindinafafanize zonse, ndikadali munthu,
Esinala akufuna sopo ndi mchere.
Ndafafaniza masipoko atatu.
Atatu enawo mundithandize mawa.

Tsopano nyali yazima, njenjete zayamba zawo.
Sindikudziwa ngati mwana uja wabadwa,
kaya ndi wamwamuna, kaya tayala lafika.
Inu mukudziwa.
Manja anga awa, girisi sachoka m'zikhadabo,
ndawapinda momwemo.
Pali pena pakutuluka mpweya mwa ine,
ndikumva kufooka koma malo sindikuwadziwa.
Mundimize usiku uno m'madzi anu,
mundizungulize pang'onopang'ono,
muone pomwe pakutuluka thovu.