Mtsutso wa Lachitatu ku Chinsapo

Lachitatu, belu la chitsulo cha tayala litalira kachiwiri,
ndinalemba pa bolodi ndi kachidutswa ka choko:
Akabaza achotsedwe mu mzinda wa Lilongwe.
Ndinalemba m'Chingerezi, inde,
koma kalasi yonse inamvera m'mimba.

Ana sikisite, madesiki osakwana theka.
Teremu yonse ndakhala ndikuwaponyera mafunso
ngati woponya ndowa m'chitsime chouma.

Mwatitha amakhala kumbuyo, pa zenera lopanda galasi.
Mawu ake ndimangowamva poitana mayina m'mawa.
Koma Loweruka lina ndinamupeza mu msika wa Wakawaka
akulimbana ndi venda pa mtengo wa anyezi,
lilime ngati lezala.

Woyamba kuima anali Lyson, mwana wa bwana wa ku Kapitolo,
Chingerezi chake chositasita, cha kunazale yolipira.
Anati njinga zamoto zadzaza mabedi ku chipatala,
anati zimadumpha maloboti, zilibe ulemu.
Manja anawombedwa.

Kenaka mpando unakhuluzika kumbuyo.

Anayamba ndi mawu onjenjemera.
Mneni wa dzulo anamuika mawa,
bambo ake anawatchula ngati mkazi, kawiri,
ena anaseka m'manja.
Cholembera changa chofiira chinandiyabwa m'thumba.
Ndinachisiya momwemo.

Anati bambo anga amadzuka folo koloko.
Anati njingayo si yawo,
mwini wake amafuna zake madzulo, kugwe mvula kusagwe.
Anagwira kolala ya bulauzi:
iyi inabwera pa kabaza.
Ndipo iwe Lyson,
tsiku lija minibasi inakufera pa Biwi, mayeso atayamba,
unauluka?

Apa mawu amodzi anamuthawa.
Amafuna kunena ngongole.
Anawasaka kudenga, m'malata obooka,
anawasaka pa nsapato zake,
wosunga nthawi akuyang'ana foni yosweka galasi.
Gomezgani, wa mbali yotsutsana naye,
anawerama ngati akutola pensulo
nkumunong'oneza.
Iye anawatola, nkuwamenyetsa pa desiki,
namaliza.

Belu linalira, palibe anatuluka.
Manja khumi ndi anayi m'mwamba,
Chingerezi chothyokathyoka chikuuluka ngati ngumbi,
ena akuwonjezamo Chichewa pamene chawathera.
Wopambana ndinaiwala kulemba.

M'mawa mwake anagogoda ku ofesi ya aphunzitsi,
tiyi wanga asanazizire,
kope lake litatsegulidwa pa tsamba lomaliza.
Madamu, mawu a ngongole aja amalembedwa bwanji?
Ndinamulembera, zilembo zinayi,
nkumuuza kuti chachitatucho sachitchula,
chimangokhala chete pakati pa zinzake.

Anachiyang'ana nthawi yaitali,
chala chili pomwepo.
Ndiye chikutani mmenemo? anatero.
Sabata yamawa mutu ndi wotani?