Okhala Maso

Mawuwa anabwera nawo ndi Ndaziona kuchokera kusukulu,
ali m'kope, pafupi ndi banga la supu:
vijilante.
Aphunzitsi akuti tifufuze kwawo kwa mawuwa, ngati ndi munthu.

Tinafufuza. Kwawo si kuno ku Wigan.
Angerezi anawabwereka kwa Asipanishi kudzera ku Amerika,
ali ndi tanthauzo la mlonda chabe,
ndipo Asipanishi anawatola m'Chilatini,
momwe muzu wake ndi waufupi: kukhala maso.
Basi. Munalibe chibonga m'menemo, munalibe chingwe.
Zinazi mawu anazitola m'njira
monga chisoso chimakangamira kumpendero kwa chitenje.

Mumsewu mwathu alipo anayi.
Anasankhana okha m'bala Lachisanu lina
itabedwa njinga ya mwana wa mmodzi wa iwo.
Anagula majekete owala, matochi,
natenga ndi galu wosadziwa za mlanduwo.

Lachiwiri m'bandakucha, chisanu chikuluma makutu,
wamng'ono pa onsewo, Callum,
anandithira tochi kumaso.
Mukuchokera kuti? M'chikwamamo muli chiyani?

Ndikanamuuza.
Ndikuchokera kuchipinda cha nambala naini,
kwa a Hargreaves, bambo a mayi ako.
Ndawatembenuza kanayi kuti msana usatuluke zilonda.
Ndawanyowetsa milomo ndi thonje.
Cha m'ma thiri koloko mpweya unayamba kudukiza,
ndinakhala pampando kuuwerenga
ngati ndalama zosakwana.
Amandiitana dzina la mkazi wawo amene anatisiya kale,
ndipo ndimavomera.
Chithunzi chako chili pakabati, uli ndi mano awiri okha,
ndimachipukuta fumbi.

Sindinanene. Ndinatsegula chikwama.
Anaona yunifolomu yonyowa, buledi wosadyedwa,
ndi mankhwala a mutu.
Galu anandinunkhiza nsapato nagwedeza mchira,
kaya anamva fungo la kwawo.
Pitani, anatero Callum, koma muziyenda mosamala,
kuno kwachuluka anthu osadziwika.

Madzulo Ndaziona anamaliza kulemba,
nkundiyang'ana ndikumanga zingwe za nsapato.
Ndiye ngati ndi kukhala maso, amayi,
vijilante weniweni si inu?

Ndinati usalembe zimenezo, angakuchotsere malikisi.
Ukhome chitseko, uzimitse magetsi, ugone.
Panja matochi anayi anali atayamba kale
kusesa makoma a nyumba za anthu,
ine nkudutsa pakati pawo, kuthamangira basi ya eyiti.