Kiyi pa Sipanala

Usiku wachiwiri pa nyanja ya Biscay.
Injini tinaizimitsa dzulo titangodutsa Sein,
matanga akhuta mphepo ya kumpoto,
koma pansi pa bedi langa chinthu chikulirabe,
wuu, wuu, wuu,
pulopela akuzungulira wosamutuma,
madzi akumupota, iye akupota shafiti,
shafiti ikupota mutu wanga.

Tangi akuti ndimusiye.
Pulopela womasuka sagwira ngalawa mwendo, akutero,
anawerenga, manambala ali nawo m'foni,
tikafika ku A Coruña buledi akadali wotentha.
Ine ndikuti tsika.
Ika chikhatho pa giyabokosi,
undiuze ngati ndi malungo anga.
Pampu ya oyilo imagona injini ikagona,
mano awa akutafunana pouma.

Ponya rivesi, akutero, igwira yokha.
Ya mnzako Loeiz imagwira,
iyi ndi ya haidiroliki, bambo,
ndodo uikankhe uko, uikokere kuno,
yangokhala ngati ukuitana gonthi.

Takhala chete, wolankhula ndi shafiti.

Kuseri kwa chitseko cha injini
kuli zolemba za atate, za pensulo,
zilembo zopendama ngati anazilemba pa funde:
Chepetsa liwiro. Gwira. Kiyi pa sipanala.
Pansi pake thabwa lili ndi chipsera
chotalika ngati chala changa chamkombaphala.
Chaka chimene ndinachoka mano,
Goulven Kerbrat anaiwala kamodzi,
analiza injini sipanala ili pomwepo.
Sanafotokozepo.
Anangonola pensulo.

Tangi walozetsa mphuno kumphepo, monyinyirika.
Matanga akuwomba m'manja, phwa, phwa,
ngalawa yafooka mawondo.
Ndagona chafufumimba, tochi kukamwa,
fungo la dizilo ndi mchere wakale,
ndikuwerenga mabawuti akamadutsa:
anayi, anayi, anayi,
a-na-yi,
mpaka ndikuona dzimbiri pa limodzi.
Zala kutali, Azenor, atate amatero,
chitsulo sichidziwa mwana wa mwini.
Ndavala sipanala pa bawuti,
chigwiriro ndachitsamiritsa pa mtanda,
kansanza pakati,
kachingwe kawiri.

Gwa.

Kenako zii.

Ndayamba kumva madzi akusisita m'mbali,
supuni ikugogoda kapu m'kabati,
ndi Tangi pamwamba akupuma.
Kiyi ndamuzula, ndamupachika pa sipanala
ndi riboni yofiira ija
imene mayi anamangira tsitsi langa.

Tataya theka la noti, wafuula.
Lemba ngongole, ndayankha,
ndipo ndagona tulo ta mwala.

M'bandakucha wachitatu mphepo yatithawa.
Matanga alendewera ngati zovala za pachingwe,
ndipo kum'mwera sitima ya makontena,
nyali yobiriwira ndi yofiira zonse zikuoneka,
kutanthauza kuti ikutiyang'ana m'maso.
Tangi akupapasa pobayira kiyi,
m'matumba, pansi pa mapu, m'matumba kachiwiri,
akutukwana m'Chibretoni cha agogo ake.

Pansi, ndamuuza.

Watsika. Ndamva bondo likugunda masitepe,
kachingwe kakumasulidwa,
chitsulo chikusiya chitsulo.
Watuluka, dzanja ili kiyi, ili sipanala,
riboni ikulendewera pakati
ngati lilime.

Injini yatsokomola, yagwira.
Sitima yadutsa, mafunde ake atigwedeza makapu.

Sananene kanthu.
Masana ndamupeza atagwada pa chitseko chija,
pensulo m'manja,
akudetsa zilembo za atate
pamene zinayamba kufufutika.