Makina a Che Likonde Sanawerengedwe

Wailesi ya pa okala ya Anjiru yanena m'mawa uno
kuti dziko lathu lakwera makwerero atatu
pa mndandanda wa mayiko a nzeru zatsopano.
Ziphaso za umwini wa luso, akuti,
makumi anayi ndi ziwiri zadindidwa chaka chino.
Ndinaima pakati pa msewu wa ku M'baluku,
thumba la malambe pamutu,
kudikira kuti kapena atchula bambo anga.

Anatchula mayina oluma lilime.
Kampani ya mankhwala ya kutsidya kwa nyanja zamchere,
ina ya mbewu zosabzalika kawiri,
ina ya mabatire.
Eni ake sanapondepo fumbi la pa Boma,
sadziwa kuti dzuwa la Okutobala kuno
limafewetsa phula mpaka patapata kumatirira.
Anangotumiza mapepala ku Blantyre
kukatchinga mpanda pa munda umene sanalimepo,
ndiye akuti amene takwera ndife.

Bambo anga, Che Likonde,
amawotcherera zitsulo kuseri kwa depoti.
Diso lawo lakumanzere linafiira kalekale ndi mbaliwali.
Anatola mgolo wa mafuta,
tcheni cha kabaza wopuma ntchito,
waya wa pazenera la chipatala chakale
ndi giya ya lole imene inafera pa phiri la Chowe.
Ukapalasa, mgolo uzungulira,
ufa wa malambe uku, nthanga uko.
Ntchito imene inkatupitsa manja a mayi sabata yathunthu
imatha azana ya masana isanamveke.

Kasanu anachiphwasula chinthucho.
Kachitatu chinawadya nsonga ya chala,
anangomanga sanza, nati,
chayamba kumva njala, ndiye kuti chili moyo.

Kalata ndinalemba ndine,
Chingerezi changa cha Fomu Thuu chikutsimphina.
Yankho linafika mvula itagwa kale:
tumizani zojambula za katswiri,
tsimikizani kuti palibe wina pansi pano anaganizapo zotere,
lipirani.
Tinawerengera pa zala zimene zatsala:
mbuzi zisanu ndi imodzi, loya asanadye.
Bambo anaipinda kanayi kalatayo
naiika pansi pa mwendo wa benchi umene unkagwedera.
Mpaka lero benchiyo sigwedera.

Pano china chili ku Namwera,
china ku Malindi, chopakidwa utoto wobiriwira.
Mnyamata wa kwa Chimwala anabwera ngati wogula ufa,
maso ali mwee pa giya,
mwezi usanathe chake chinali kulira,
atawonjezerapo lamba wa chigayo.
Bambo anakwera matola kukachiona.
Masiku awiri sanalankhule ndi munthu.
Lachitatu anapita kukafuna lamba.

Kodi zimenezi zimalowa mu mzere uti?
Inu a kope lalikulu, amene mumayeza mutu wa dziko
powerenga zidindo za alendo,
mwawerenga mabwato a eni amene akocheza padoko
n'kulengeza kuti mudzi wadziwa kusema.
Sindikana alendo, adinde, alipire,
mankhwala awo ndinamwapo malungo atandigwetsa.
Koma musandiveke malaya obwereka
n'kundijambula chithunzi choti ndalemera.

Tsikani basi pa nsanja ya wotchi,
mufunse aliyense wa kabaza, akulozerani.
Mudzapeza mayi wa kwa Mponda
amene amaziziritsa mkaka m'miphika iwiri ndi mchenga wonyowa,
mudzapeza mwana wopanda nsapato
akuyatsa babu ndi dayinamo ndi mphepo ya mwera.
Mubwere ndi cholembera chosaopa thukuta.

Wailesi ija yasintha, tsopano ndi za mpira.
Ine ndakhala pa chishalo, ndikupalasa njinga yosapita kulikonse,
ufa wowawasa ukundiyeretsa nsidze.
Bambo agwada pansi, khutu pa mgolo.
Akuti pali kaphokoso kena
kamene sakukakonda.